Wotchi Yodya Pamkono

Nkhani iyi ndinaimva kwa mayi wina amene tinkakhala naye benchi limodzi pakhonde la chipatala, aliyense akudikira wodwala wake. Anaifotokoza pang'onopang'ono kwa masiku atatu, ndipo ine ndikuilemba monga anandiuzira. Zimene iye sanaone ndi maso anazimva kwa mwamuna wake, mutu usanasokonekere.

Mwamunayo anali wokonza mawotchi. Anali ndi katebulo ka galasi pakhonde la sitolo yogulitsa nsapato, ndipo anthu a mumsewumo ankamutcha Adiso chifukwa cha kagalasi kokulitsira zinthu kamene sikankachoka padiso lake. Ntchito ankaidziwa. Ankangoika wotchi kukhutu n'kunena matenda ake asanaitsegule. Koma anthu anali atasiya kuvala mawotchi poti nthawi ankaionera pafoni, ndiye tsiku lonse linkatha atangosintha mabatire awiri ndi kuboola lamba mmodzi. Kunyumba ankakhala anthu anayi m'chipinda chimodzi chogawa ndi nsalu: iye, mkazi wake, amayi ake okalamba, ndi mwana wawo wamkazi amene ankasoka zovala kwa telala.

Mkazi wa Adiso anali ndi mlongo wake amene ankagula ndi kugulitsa mawotchi a anthu olemera, aja osafuna batire, oyenda chifukwa cha kugwedezeka kwa mkono wa wovala. Mlamuyu ankabwera pagalimoto, kutulutsa tibokosi tachikopa, kuti Adiso atsegule n'kuona ngati ali enieni kapena onamizira. Akamaliza ankamusiyira ya sopo.

"Alamu, tsegulani maso onse awiri, osati limodzi lokhalo," ankatero. "Ndalama mukaigoneka kubanki imaonda. Iyi ikagona m'bokosi imanenepa."

Mayi uja anati iye ankamuyankha mlongo wakeyo kuti wotchi siiswa, siibereka zipatso, ndipo mtengo wake uli m'mutu mwa wogula. Tsiku limene olemera adzakonde chinthu china idzangokhala chitsulo chonyezimira. Mlongoyo ankaseka n'kumati m'banja mwawo munabadwa munthu mmodzi yekha wosungira ndalama m'pilo. Adiso sankaseka. Ankayang'ana galimoto ija mpaka itakhota.

Patapita nthawi anagulitsa makina osokera amene mkazi wake ankasungira mwana wawo, n'kugula wotchi imodzi yakale, yeniyeni, ya nkhope yakuda. Anaipukuta, anaiika pakati pa tebulo lake. Miyezi isanu inatha. Anthu ankaiyang'ana, kufunsa mtengo, kuyang'ana nsapato zake zong'ambika, n'kumapita. Munthu wolemera sagula chinthu chodula pakhonde. Kunyumba mkazi sankanena kanthu za makinawo, ndipo kusalankhulako n'kumene kunkamupweteka.

Mlonda wa sitolo ya nsapato ndiye anamulozera njira ya kwa sing'anga wina. Sing'angayo ankakhala m'chipinda cha pamwamba pa sitolo yogulitsa misomali ndi penti. Adiso anapitako m'mawa, dzuwa likuwala bwino. Anapeza mipando ya pulasitiki, tebulo loyera, ndi bambo wovala malaya osita bwino amene ankalankhula motsitsa ngati wa kubanki. Bamboyo anaitenga wotchi ija, anaiika pachikhatho, n'kufunsa chimene imadya.

Adiso anafotokoza monga mmisiri: mkati muli kachitsulo kolemera kamene kamazungulira mkono ukamagwedezeka, ndipo ikavulidwa imayenda masiku awiri n'kuima.

"Ndiye imadya pamkono," anatero sing'angayo. "Zabwino. Sindikuphunzitsani zachilendo. Iyi musadzaigulitse. Ikamayenda, wotchi ina iliyonse yodutsa m'manja mwanu anthu aziilimbirana. Koma ikhale pamkono wa munthu wa magazi anu, ndipo isadzaime."

Adiso anafunsa chimene chidzachitikire wovalayo.

"Azitopa."

"Kutopa kokha?"

"Bambo, inu mumadziwa batire. Imatopa kokha?"

Adiso anafunsa ngati mkazi wake angavale. Sing'angayo anati mkazi ndi mlendo, magazi ake ndi a kwawo. Adiso anafunsanso chimene chingachitike itaima.

"Ikaima idzafuna zonse zimene sinadye, tsiku limodzi, ndipo idzayambira kwa wamng'ono. Ngati mukuona kulemera, tengani wotchi yanu muzipita. Masitepe ndi omwewo."

Mayi uja atafika apa anapukuta m'maso. Anati mwamuna wake anamuuza yekha kuti anaimiriradi, anafika pachitseko, n'kubwerera. M'mutu mwake anati amayi akalamba kale, masiku awo ndi owerengeka, ndipo bola awathere m'nyumba yabwino. Sing'angayo anamuuza kuti atsegule kumbuyo kwa wotchiyo, n'kudonthezamo kadontho ka mafuta akuda. Adiso anatseka ndi manja ake.

Amayi ake anaivala mokondwa. Inkawakhwepa, ndiye anawachotsera mfundo zitatu za lamba. Ankaionetsa kwa aliyense, ngakhale sankadziwa kuwerenga mivi yake. "Mwana wanga wandikumbuka," ankatero kwa anzawo a kumapemphero.

Sabata yomweyo bambo wina wovala suti anaima pakhonde paja ndi wotchi yakufa ya malemu bambo ake, n'kumusiyira pamtengo wa chabe. Adiso anaikonza, ndipo mawa lake anthu awiri anakanganirana pamaso pake. Zinayamba choncho. Chaka chisanathe anali ndi sitolo yake ya magalasi, mlonda pakhomo, ndi kabati yachitsulo yosungiramo katundu. Anasamukira m'nyumba ya zipinda zinayi. Anagulira mwana wake makina atsopano, amagetsi. Mlamu uja anasiya nthabwala, n'kuyamba kumafunsa nzeru atavula chipewa. Mkazi akamuchonderera kuti agule malo kapena nyumba yobwereketsa, Adiso ankakana. Chilichonse chimene wapeza ankagulira mawotchi ena n'kutsekera m'kabati, akuti chuma chenicheni n'chimenecho.

Amayi ake anayamba kugona masana. Kenako anasiya kupita kumapemphero. Madokotala anapima magazi, anapima mtima, n'kumati ndi ukalamba. Atagonekedwa m'chipatala, mkono unasiya kugwedezeka. Mayi wondiuza nkhaniyu anati m'mawa uliwonse ndi madzulo aliwonse mwamuna wake ankabwera, kukhala pambali pa bedi, kugwira mkono wamanzere wa amayi ake n'kumaukweza ndi kuutsitsa, kuukweza ndi kuutsitsa, kwa nthawi yaitali. Anamwino ankamuyamikira. Ankauza odikira ena kuti aone mwana wosamala kholo, wosalola kuti mitsempha iume. Nkhalambayo inkamwetulira n'kumamudalitsa. Namwino wina atafuna kuvula wotchiyo kuti abaye jakisoni, Adiso anamugwira dzanja mwamphamvu moti onse anadabwa.

Amayi ake anamwalira Lachiwiri masana. Lachitatu, anthu akadali pamaliro, Adiso anaitanira mwana wake pambali n'kumuveka wotchiyo. Anati agogo ake anasiya mawu oti ikhale yake, ndipo asamaivule ngakhale posamba. Mtsikanayo analira, n'kuipsompsona.

Mkono wa telala sukhala chete. Tsiku lonse umakoka nsalu, umadula, umasita. Wotchi inayenda bwino kuposa kale, ndipo malonda anakwera moti ogula ankachokera kutali. Koma mtsikana amene ankakwera masitepe akuthamanga anayamba kupumira pakati. Tsiku lina anagona tulo pamakina singano ikuyenda, n'kudzisoka chala. Amayi ake pomumanga bala anaona mkono uja utaonda, lamba atayamba kukhwepa, ndipo anakumbukira mmene unalili mkono wa apongozi awo.

Anadikira mwamuna wake abwere kudzadya masana. Anatseka chitseko.

"Bambo ake mwana, ndayang'anani. Wotchi ija ndi chiyani?"

Adiso anati ndi chikumbutso.

"Ndinasambitsa thupi la amayi anu ndine. Mkono wamanzere unali ngati kamtengo, wamanja unali ndi mnofu. Musandinamize pamwana wanga."

Anaulula zonse, atakhala pansi pafupi ndi mpando ngati mwana wolakwa. Mkaziyo anati sanakuwe. Anangomuuza kuti dzuwa lisanalowe wotchiyo ikhale itachoka pamkono wa mwanayo, ndipo za masiku awiri amene imayenda ikavulidwa adziwa yekha.

Adiso anathamangira kwa sing'anga uja. Anati abweza sitolo, nyumba, kabati yonse. Bamboyo anamvetsera mwaulemu n'kunena kuti iye sagulitsa zinthu zobwezedwa.

"Nanga nditani? Wa magazi anga watsala ndi mwana yekhayu."

"Mwawerenga molakwa," anatero sing'angayo, akuyang'ana mkono wa Adiso. "Inu magazi anu ndi a ndani?"

Adiso anatsika masitepe aja osatsanzika. Kuvala yekha sanafune. Koma anali mmisiri, ndipo mmisiri akauzidwa vuto amayamba kufuna chida. Anaganiza kuti wotchi siidziwa mkono, imangodziwa kuzungulira. Anamasula mota ya fani yakale, anaichepetsa liwiro, anamangirirapo kamtsamiro kachikopa, n'kuvekapo wotchiyo. Kamakinako kanayamba kuzungulira pang'onopang'ono pashelefu ya kuchipinda. Anaika khutu. Inkayenda bwinobwino.

Mtsikana anayamba kudya. Masaya anabwerera. Malonda sanatsike. Adiso anauza mkazi wake kuti wamuposa nzeru sing'anga uja, ndipo anaseka kwa nthawi yoyamba chimwalirireni amayi ake. Mkaziyo anamupempha kuti apite naye kwa abusa akaulule, asiye malondawo. Iye anati adikire agulitse kaye zimene zili m'kabati, poti mitengo ikukwerabe. Kenako anagulanso mawotchi ena atatu.

Mvula yamkuntho itagwetsa mitengo ya magetsi, dera lonse linakhala lopanda moto. Tsiku loyamba Adiso ankazungulitsa kamakinako ndi chala. Tsiku lachiwiri anabwereka batire ya galimoto, koma mota inapsa. Anayesa kuigwedeza wotchiyo m'manja monga amachitira wokonza aliyense, koma muvi wa masekondi unayamba kudumpha ngati ukupunthwa. Nthawi yomweyo kuchipinda china mwana wake, amene ankasita nsalu ndi simbi ya makala, anagwa pansi. Amayi ake anamuitana, koma sanayankhe.

Mayiyo anati anaona mwamuna wake ataima pakhomo, wotchi ili m'dzanja, nkhope itatuwa. Anaikoleka pamkono wake, anatseka lamba, n'kuyamba kuugwedeza. Mtsikanayo anatsegula maso n'kupempha madzi.

"Chimenecho chokha anachita bwino," anatero mayiyo. "Mulembe kuti anachichita."

Magetsi anabwera Loweruka, koma Adiso sanaikhulupirirenso mota iliyonse. Ankaopa kuti akagona mkono ukhala chete, ndiye anasiya kugona. Ankayenda m'nyumba uku ndi uku akuponya mkono. Kusitolo sankatha kugwira kachitsulo kotsegulira mawotchi chifukwa dzanja silinkaima. Ogula anayamba kumuthawa. Ankaika mkono kukhutu pakati pa nkhani, n'kumauza anthu kuti akhale chete, amayi ake akulankhula mkatimo. Anaonda mpaka lamba anam'chotsa mfundo zinayi. Tsiku lina anamupeza pamsewu waukulu, wopanda nsapato, akugwedeza mkono kwa magalimoto, ndipo ndiye anamubweretsa kuchipatala kuno.

Mkazi wake anatsegula kabati ija kuti agulitse mawotchi apeze zothandizira wodwala. Anapita nawo kwa mlongo wake. Mlongoyo anawatembenuza imodziimodzi, n'kunena mwamanyazi kuti zinthu zasintha: olemera asiya mtundu umenewo, amene anasunga ambiri onse akugulitsa nthawi imodzi, ndipo iyenso wagulitsa galimoto yake. Mawotchi ena analibe mapepala osonyeza kumene anachokera, ndipo mbiri itamveka kuti mwini wake wapenga, palibe amene anafuna kuwakhudza. Kabati yonse sinakwane kusunga sitolo ndi nyumba. Mayi ndi mwana anabwerera m'chipinda chimodzi.

Ine ndinamuona Adiso kamodzi, pazenera la wodi. Anali atakhala pabedi, maso ali pakhoma, mkono wamanzere ukukwera ndi kutsika. Anamwino anali atasiya kulimbana naye. Tsiku lachinayi ndinapeza benchi lopanda mnzanga. Wosesa anandiuza kuti bambo uja watsogola m'mawa, ndipo mkazi wake wapempha kuti amuike ndi wotchi yake pamkono, aliyense asaivule. Ndinafunsa za mwanayo. Anati anabwera kudzatenga zovala, akuyenda yekha, ndipo ndiye ankawagwiriza amayi ake. Ndinathokoza Mulungu pa chimenecho, ndipo ndimawapemphererabe awiriwo.

Mayi uja anandipempha kuti ndikadzafotokozera ena ndisakometse kanthu, ndipo ndinene ichi poyera. Umphawi unawapweteka, koma sunaphe aliyense m'nyumba mwawo. Chinapha ndi dyera. Munthu akakuuzani kuti chinthu chogona m'bokosi chikulemeretsani, funsani amene adzachigule tsiku limene mudzavutike. Ndipo wina akakulonjezani chuma chofulumira chimene mtengo wake alipire ndi m'bale wanu, tsikani masitepe musanakhale pampando. Ambuye atipatse mtima wokhutira ndi zimene manja athu agwirira ntchito, ndipo awachitire chifundo Adiso, poti ine sindine woweruza.