Alendo Atatu Osayembekezeka

Mtsikana wina ndi dalaivala wa basi anakumana pagalaja ya kampani, tsiku loyamba mtsikanayo kugwira maiki. Ntchito yake inali yoonetsa alendo malo: kukwera nawo basi m'mawa, kuzungulira mtunda wolowa m'nyanja yamchere, n'kubwerako madzulo. Dalaivala anamuona akunjenjemera.

"Usaope, Kamaiki. Iwe uzilankhula, msewu undisiyire ine."

Dzinalo linakakamira, mtima nawo unapita. Mameseji ankagwa ngati mvula. "Nyenyezi yanga, wadya?" "Chaka chisanathe ndikaonekera kwa amalume ako." Mwana wamkazi anakhulupirira. Akanakana bwanji, munthu pakamwa pali uchi?

Tsopano Kamaiki anali ndi pakati, ndipo anatsimikiza kumuuza dalaivala tsiku limenelo, basi ikakaima pagombe la mapengwini, mbalame zosauluka zija.

Alendo akukwera, panafika mayi wina wansangala atagwira ana awiri.

"Adadi!" anawo anathamangira dalaivala.

"Bambo a ana, tabwera osakuuzani!" mayiyo anaseka. "Lero tione nafe kumene mumaswera." Kenaka anatembenukira mtsikanayo. "Ndinu Kamaiki? Achemwali, amuna anga amakuyamikirani kwambiri pantchito."

Dalaivala anayamba kupukuta galasi loyera kale.

Kamaiki anayang'ana pakhomo. Athawire kuti, basi itadzaza? Anakweza maiki, mawu akutuluka ngati a munthu wina. "Kumanzere kwanu kuli nyanja. Mukaona anyani, tsekani mawindo, musawapatse chakudya." Alendo ankajambula mafunde ndi matanthwe, akusangalala. Iye mtima unkawawa kosaneneka.

Ataima pamwamba pa phiri, foni ya Kamaiki inanjenjemera: meseji ya dalaivala. "Bebi, ndikufotokozera. Chonde usachite phokoso." Ndi zokhazo! Ngakhale pepani munalibe.

"Achemwali, tatijambulani," mayi uja anamupatsa foni. "Bambo, tamwetulirani, mwatani kodi lero?"

Anawajambula. Bambo pakati, mkazi pambali, kamtsikana paphewa, mphuno yake yofanana ndi ya bambo ake. Mwana wa Kamaiki nayenso adzabadwa ndi mphuno imeneyi?

Masana anafika kwa mapengwini. Ana ankakuwa ndi chimwemwe poona mbalamezo zikuyenda chopendama. Koma fungo la pamalopo linamusokoneza Kamaiki m'mimba. Anathamangira kuseri kwa thanthwe nasanza mpaka misozi.

Dzanja lofewa linamusisita pamsana. Anali mayi uja, atanyamula botolo la madzi.

"Tsukani m'kamwa, mng'ono wanga. Ine ndaona kuyambira m'mawa, maso anuwo. Miyezi ingati?"

"Iwiri," ananong'ona.

"Mwiniwake akudziwa?"

Kamaiki anapukusa mutu. Chapatali dalaivala anali atatsamira basi, akuwayang'ana, nkhope ili gwa.

"Musaope, mumuuze," mayiyo anatero akumupukuta pakamwa ndi mpango wake. "Amuna nkhani imeneyi imawafewetsa. Anga aja ndinawauza sabata yatha kuti wachitatu ali m'njira, anachita kugwada pansi n'kulira. Mwina tidzakumana kusikelo!"

Hutala inalira. Alendo anayamba kukwera, wina akuitana, "Mtsogoleri ali kuti?"

Mayi uja anamudzutsa, namugwira mkono mpaka pakhomo la basi.

"Bambo, muziyendetsa pang'onopang'ono," anauza mwamuna wake. "Mwanyamula amayi oyembekezera awiri."