Chiboliboli Chimene Chinanditchula Dzina

Okhudzidwa ndi nkhaniyi ndi awa: Bambo Tumbikani Longwe, mmisiri wosema ziboliboli, Mayi Catherine Nyirenda, eni nyumba imene a Longwe amachita lendi ku Luwinga, Bambo Sekani Mhango, wapampando wa komiti ya dera lathu, ndi ine Hudson Mphande, mphunzitsi wopuma ntchito, mlembi wa komitiyo kwa zaka khumi ndi zisanu. Ndikulemba chifukwa mawu anga, amene sanakayikiridwepo m'bwalo lililonse, lero asanduka choseketsa pamagolosale.

A Longwe anasema munthu wamtali ngati ine pamtengo wa mlombwa, namutcha Tomasi Wokayika. Masana ankamuimika pakhonde. Ophunzira a ku yunivesite ankabwera kudzamujambula ndi mafoni, akuseka kuti maso ake amatsata munthu kulikonse. Ine ndinkangodutsa. Dzina la mtumwi si loseweretsa.

Lachitatu lina mu Juni ndinkachokera ku mapemphero a madzulo. Seveni koloko inali itangokwana. Magetsi anali atazima, nkhungu itatsika. Pakamlatho ka matabwa kuseri kwa magolosale ndinaona munthu ataima pakati pa njira.

"Mwatandala uli?" ndinamupatsa moni.

Zii.

Ndinabwerezanso. Zii. Mtima unandipsa. Ife kumishoni tinaphunzira kuti wamng'ono ndiye amayamba moni. Apa wamkulu ndayamba kawiri, munthu ali duu! Ndinayatsa tochi kuti ndione mwana wa ndani wopanda mwamboyu.

Nkhope yamtengo. Tomasi.

Ndinati ndi ntchito ya zidakwa, zamunyamula. Ndinapatukira kumanzere. Nkhope inanditsata. Kumanja. Inanditsatanso. Kamlathoko n'kopapatiza, choncho podutsa phewa langa linakhudza lake. Linali lofunda. Mtengo wofunda, mu Juni, ku Mzuzu.

Nditayenda pang'ono ndinamva kumbuyo kwanga:

"Yewo, Hudson."

Osati adada. Osati a Mphande. Hudson basi. Anthu amene ankanditchula choncho onse ndinawaika m'manda, womaliza anali mkulu wanga ku Chintheche.

Sindinathamange. Ndinapita molunjika kwa Mayi Nyirenda n'kugogoda.

"Adada, kwagwanji?"

"Chidole cha mlendo wanu chili pamlatho."

"Iyayi, a Longwe anachitsekera asanapite kutauni. Kiyi ndi uyu."

Tinatsegula kachipinda kosungiramo katundu. Tomasi anali momwemo, atafunditsidwa thumba kumutu. Ndinaunika pansi. Kumapazi kwake kunali matope ofiira, onyowa. Mayi Nyirenda anawaona. Ndikuti anawaona, chifukwa anagwira pakamwa n'kutseka chitseko mwamsanga.

Loweruka ndinakadandaula ku komiti kuti chinthucho chichoke m'dera lathu. A Longwe anabwera nacho pawilibala, anthu atadzaza ngati kuli msika.

"Adada, gwirani nkhopeyi," anatero a Longwe.

Ndinagwira. Dzanja linalowa mkati. Mphuno imene ndinkaiona yotuluka inali dzenje, nkhope yonse yogobeka ngati mkati mwa mbale.

"Mwaona? Diso limakana kuti nkhope ingalowe mkati, ndiye limaitulutsa lokha. Mukasuntha, mumayesa yatembenuka. Ndinasemera zomwezo, kuti munthu azikayika maso ake. Ndiye mu nkhungu, adada, ngakhale chitsa chimavala jekete."

"Diso mwalifotokoza," ndinatero. "Nanga khutu?"

Wina kumbuyo anakuwa kuti, "Mukanachilonjera m'Chitonga chakwanu, bwenzi mutacheza nacho chomene!" Anthu anagwa ndi phwete. Wapampando, m'malo moletsa phokoso, nayenso anabisa mano ndi kope.

Ndinatembenukira kwa Mayi Nyirenda. "Amama, nenani za matope."

Anayang'ana pansi. "Kunali mdima, adada. Sindinaone bwino."

Mayi wa chigwirizano, wovala yunifolomu yoyera Lachisanu lililonse, kunama pamaso panga masana dzuwa likuswa mtengo!

A Mhango anagamula motere: Tomasi akhale, pakuti ndi luso ndipo sanalakwire munthu, ine ndikayezetse maso ndi makutu kuchipatala, ndipo kufikira nditabweretsa kalata ya dokotala, kope la ulembi ndilipereke kwa wina.

A Longwe anavomera, nandigwira chanza ndi manja awiri. Komiti yonse inavomera. Ine kope ndinapereka, chifukwa lamulo ndi lamulo, koma ndinauza mlembi watsopanoyo kuti alembe kuti Mphande wakana chigamulo. Mayi Nyirenda ndiwo anali oyamba kuwomba m'manja. Lolemba lake ananyamula zofunda n'kupita kwa mwana wawo ku Nkhorongo, ndipo mpaka lero sanagonenso m'nyumba yawo.