Thumba la Mpango Wofiira

Perizat ali wamng'ono, bambo ake anamulonjeza kanthu. Iye amawaitana kuti Ata. Ata anamunyamula paphewa. Anamulozera phiri la kuseri kwa mudzi.

"Apo ndidzamanga kasitima kothamanga," anatero Ata. "Woyamba kukwera udzakhala iwe."

Nthawi imeneyo phirilo linali la nkhosa ndi mahatchi. Panalibe mpanda. Panalibe wogulitsa matikiti.

Zaka zinapita. Perizat anakula. Mano anaguluka, ena anamera. Kasitima sikanathe.

Phirilo linali lamakani. Apa thanthwe, apo chigwembe. Ata sanafune kuphwanya thanthwe. Njanji inalizungulira. Ata sanafune kudula mikungudza. Njanji inadutsa pakati pake. Chipale chofewa chikasungunuka, nthaka inkatsetsereka. Nsanamira zinkapendekeka. Ata ankakumbanso.

Tsiku lina njanji inafika m'munsi mwa phiri. Perizat anavala mpango wake wofiira. Anathamangira pamwamba. Koma m'ngolo ya kasitimako munali kale wina. Munali thumba la mchenga. Amalume ake a Talant ankalimanga lamba.

"Mfumukazi yachedwa," anatero amalume. "Malo atenga achimwene anu onenepawa."

Perizat anatupa masaya. Ata anamuuza kuti thumba si munthu. Anati thumbalo likulemera ngati iye. Anati likupita kukafunsa phiri ngati njira ili bwino.

Perizat anaganiza. Anavula mpango wake. Anaumanga pakhosi pa thumba.

"Ngati likulowa m'malo mwanga, litchene," anatero.

Ngolo inatsika. Inadutsa m'mikungudza. Inakhota, inakhotanso. Inafika pathanthwe lalikulu. Pamenepo inagwedezeka kwambiri. Thumba linapulumuka m'lamba. Linagwera pamiyala. Linang'ambika. Mchenga unamwazika.

Amalume sanaseke.

Ata anatsikira kumiyala kuja. Anatola mpango wofiira. Anaukutumula. Anaukutumulanso. Mchenga unali utatha, koma ankaukutumulabe.

M'mawa mwake Ata anamasula njanji ya pathanthwe. Anakulitsa pokhotera. Anakweza mbali yakunja. Anaika mabuleki ena ndi malamba ena. Ntchito inatenga nthawi. Maapozi anapsa, anathyoledwa. Nkhosa zinatsika kumapiri.

Kenako matumba ena anakwera. Thumba laling'ono linafika bwino. Thumba lalikulu linafika bwino. Mvula itagwa, matumba anakweranso. Onse anafika bwino.

Perizat anafunsa ngati tsiku lake lakwana. Ata anagwada kuti afanane naye msinkhu. Anavula chipewa chawo choyera. Anamupatsa m'manja.

"Ndigwirire ichi, mwana wanga. Ukandidikire m'munsi."

"Munalonjeza, Ata."

"Ndinalonjeza."

"Nanga bwanji?"

"Thumba silinena pamene likumva kuwawa," anatero Ata. "Ndiyambe ndamva ine."

Perizat anatsika ndi amalume. Amalume anamupatsa switi. Iye anakana.

Pamwamba ngolo inanyamuka. Perizat anamva njanji ikulira. Anaona Ata akudutsa m'mikungudza. Anali aang'ono ngati mbalame. Anakhota, anakhotanso. Kenako analowa kuseri kwa thanthwe.

Perizat anakumbatira chipewa. Anaiwala za kukhala woyamba. Ankangoyang'ana thanthwe. Ankangoyang'ana.

Ngolo inatulukira. Ata anali momwemo.

Ngolo inaima pafupi ndi Perizat. Tsitsi la Ata linali nyankhalala. Amalume anati anamva mbuzi ikulira pathanthwe paja. Ata anati anali mabuleki.

"Mabuleki amaitana amayi awo, alamu?" anafunsa amalume.

Perizat anaseka, misozi ili m'maso. Anawaveka Ata chipewa. Anachikanikiza kuti chisauluke.

Perizat ndi Ata anakwera phiri atagwirana manja. Ata anamukhazika m'ngolo. Anamumanga lamba. Anamukoka lambayo. Anamukokanso. Kenako anakhala kumbuyo kwake. Anamuuza kuti pathanthwe akhoza kukuwa. Anati amalume akafunsa, adzanena kuti ndi mabuleki.

Ngolo inanyamuka. Mphepo inali yozizira. Chifuwa cha Ata chinali chofunda.

Perizat anakwera kasitima ka m'phiri. Anali wachiwiri.