Idikula Anabwera Kudzatsanzika

Mvula inali itagwa masiku asanu ndi anayi osakata. Madzulo amenewo Bambo Skaria, mkulu wa nyumba ya amonke ya pamwamba pa minda ya tiyi, anadya phala la mpunga ndi chinangwa chophika ali chete, monga mwa lamulo. M'bale Mathunni, mmonke yekhayo amene anatsala nawo, sanakhudze mbale. Chifuwa chinali chitamugwira.

"Kagoneni," anatero Bambo Skaria atatha kudya. "Mapemphero a pakati pa usiku ndichita ndekha."

"Nokha? Nanga azikuyankhani ndani, mileme?"

"Mulungu amva."

"Kumva amva, koma ndi mawu anu a khwangwalawo, apirira," anatero Mathunni, n'kuseka mpaka kutsokomola.

Kale m'nyumbamo munali amonke khumi ndi anayi. Ena anagona kumanda a kuseri kwa tchalitchi, ena anavula mikanjo n'kutsikira kumatauni a m'chigawo chawo cha Kerala kukafuna ntchito. Amayi othyola tiyi ankati Bambo Skaria ndi munthu woyera, koma akatsika phiri ankawonjezera kuti mtima wawo ndi mwala. Ankanena choncho chifukwa cha Idikula.

Idikula anali mmonke woimba bwino kuposa onse. Zaka makumi awiri ndi zitatu zapitazo, mkati mwa nyengo ya kusala kudya, uthenga unafika wakuti mayi ake ali kayakaya. Iye anagwada n'kupempha chilolezo chokawaona. Bambo Skaria anati adikire Pasaka, pakuti mmonke anatsanzika kale abale ake tsiku limene anavala mkanjo. Usiku womwewo Idikula analumpha mpanda. Anakapeza mayi ake akupumabe, anawatseka maso, anawaika m'manda, n'kubwerera. Anagwada pachipata masiku atatu. Bambo Skaria sanatsegule.

Pakati pa usiku wa mvula uja Bambo Skaria anayatsa nyali n'kulowa m'tchalitchi. Masalimo amaimbidwa molandizana, mbali ya kumpoto vesi limodzi, mbali ya kummwera lotsatira. Bambo Skaria ankaimba vesi lawo, n'kupuma pang'ono monga anazolowera, kenako n'kuimbanso la mbali yopanda anthuyo.

Salimo loyamba linatha. Lachiwiri linatha.

Pa salimo lachitatu anaimba vesi lawo n'kupuma. Asanatsegule pakamwa, wina anayankha.

Mawuwo ankachokera panja, kupyola mvula yonse ija. Anali otopa, okoka mbali imodzi ngati a munthu wolemera lilime. Koma kakwezedwe kake kumapeto kwa vesi, palibe wina amene ankakatha.

Bambo Skaria anaimba vesi lina kuti atsimikize. Yankho linabweranso.

Anatenga nyali ndi ambulera n'kutuluka. Galu wa panyumbapo, amene ankauwa ngakhale bishopu, anali atabisala pansi pa benchi ya pakhonde, mutu uli pakati pa miyendo. Bambo Skaria anayenda pang'onopang'ono mpaka pachipata chachitsulo, n'kukweza nyali.

Kunja kunagwada munthu. Analibe malaya, koma nsalu yoyera ya m'chiuno basi. Tsitsi linali la imvi, tsaya la kumanzere litagwa. Analibe nsapato, ndipo misundu inali itamatirira m'miyendo mwake, yonenepa ndi magazi.

"Ndidalitseni, Bambo."

"Idikula?"

"Ndine. Mwakalamba, Bambo."

"Wafika bwanji? Msewu unagumuka dzana."

Mvula inkamumenya m'maso, koma sankaphethira.

"Ulendo uja ndinachoka osatsanzika," anatero. "Uno ndati ndisabwereze. Ndiloleni ndipite."

"Upite kuti usiku uno?"

"Mungoti pita. Basi."

Kwa zaka zonsezo Bambo Skaria ankakonza mumtima zoti adzanene akadzaonana, ndipo zonse zinatuluka nthawi imodzi, zopanda mutu. Anati si iwo amene analemba lamulo. Anati akanatsegula tsiku lija, enawo akanayamba kulumpha mpanda aliyense pa chifukwa chake. Anati dzina lake sanaliiwale paguwa ngakhale Lamulungu limodzi.

"Sindinabwerere mlandu, Bambo," anatero Idikula. "Ndatopa. Ndiloleni."

Bambo Skaria anachotsa mpiringidzo. Chipata chinalira ndi dzimbiri.

"Lowa. Pali phala, ndikuwotchera madzi. Chipinda chako sindinapatse munthu."

"Nthawi yolowa inatha."

"Ndine mkulu wako, ndikuti lowa! Sindikulola kupita. Ndangokupeza kumene."

Idikula anawayang'ana nthawi yaitali. Pankhope pake panalibe mkwiyo.

"Mwakananso," anatero chapansipansi.

Bambo Skaria anatuluka kuti amugwire dzanja. Mphepo inawalanda ambulera, nyali inazima. Anapapasa mumdima, n'kugwira udzu wonyowa. Anaitana dzina lake mpaka mawu anatha.

Amayi opita kukathyola tiyi ndi amene anawapeza m'mamawa, atagwada m'matope ofiira a kuphiriko kunja kwa chipata, milomo itayera ndi kuzizira. Anawanyamula mpaka kukhitchini, kumene Mathunni anawafunditsa bulangete n'kuwamwetsa khofi wakuda.

"Mukufuna kundisiya ndekha ndi galuyu?" anakalipa Mathunni. "Mumatani kunja?"

"Idikula amakhala kuti?"

Mathunni anapita kuchipinda kwake, n'kubwera ndi mpukutu wa makalata womanga ndi ulusi.

"Takhala tikulemberana mobisa chaka ndi chaka. Chilango mundipatse pobwera. Amakhala kwa mlongo wake Rahel, kumadambo a mpunga. Sanakwatire. Koma chaka chino sanandiyankhe."

Bambo Skaria anali asanatsike phirilo kwa zaka khumi ndi zisanu. Tsiku limenelo anayenda pansi mpaka kupyola pogumuka paja, anakwera basi, anakwera ina, kenako bwato. Anafika dzuwa litapendeka.

Rahel anali mayi wamfupi wa tsitsi loyera. Anawapeza ataima pabwalo, mkanjo uli ndi matope, ndipo sanapsompsone dzanja lawo monga anthu amachitira.

"Ndinu Bambo Skaria," anatero. "Ndinakuonani kamodzi, tsiku limene tinamuperekeza kuphiri. Wakuuzani ndani?"

"Ali kuti, mayi?"

Anawalowetsa m'kachipinda ka kuseri. Idikula anagona pabedi la zingwe, atafunda mpaka pachifuwa. Tsitsi la imvi lija, tsaya lakugwa lija. Ankapuma mokoka, kenako n'kusiya nthawi yaitali, kenako n'kuyambanso.

"Anafa ziwalo miyezi khumi ndi umodzi yapitayo," anatero Rahel. "Sayenda. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi osalankhula, osameza kanthu. Adokotala anati safika masiku awiri. Wansembe wathu anamudzoza kale mafuta. Koma ali pomwepa, ngati munthu wodikira basi."

Bambo Skaria anagwada pambali pa bedi. Anaika dzanja pamutu pake. Ankafuna kunena zambiri, koma tsopano anadziwa kuti zambirizo zinali zawo, osati za wodwalayo.

"Ndinalakwa, mwana wanga," anatero. "Pita. Ndakulola. Pita mumtendere."

Idikula sanatsegule maso. Sanagwedeze chala. Anapitiriza kupuma mpaka belu la tchalitchi cha tsidya lina la mtsinje linalira la madzulo, ndipo litaleka, Rahel anaona kuti nayenso waleka. Ngati anamva, palibe amene angalumbire.

Anthu atayamba kusonkhana, Bambo Skaria anaitanira Rahel pambali.

"Mayi, ndiloleni ndimutenge. Akagone pakati pa abale ake kuphiri. Malo ake alipo."

Rahel anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Abale ake? Amene ndamusambitsa miyezi yonseyi ndine. Munamukana akugogoda ndi manja ake, lero mukumufuna atauma? Ayi, Bambo. Agona pambali pa amayi."

Sanatsutse. Pamaliro anaima kumbuyo, pakati pa opalasa mabwato ndi ogulitsa nsomba amene Idikula ankamwa nawo tiyi. Wina anawapatsa mpando, iwo anakana. Anthu atafotsera manda, iwo anakwera bwato okha. Mathunni amati chibwerereni Bambo Skaria sanaimbenso m'tchalitchi, ankangowerenga motsitsa mawu, ndipo anamwalira mvula ya chaka chotsatira isanayambe.

Kumadambo kuja nkhaniyi imanenedwabe, makamaka ndi amuna awiri amene anasambitsa mtembo. Amati atachotsa chofunda anapeza miyendo ili ndi timabala tatsopano ta misundu, tina tikutulukabe magazi, pa munthu amene sanaponde pansi pafupifupi chaka. Rahel amakana, amati ndi zilonda za kugona. Koma mmodzi wa amunawo, akamwa pang'ono, amatsitsa mawu n'kunena kuti pakati pa zala za kumapazi anachotsapo dothi lofiira.

"Kuno dothi ndi lakuda," amatero. "Mukumbe paliponse muone."