Chikwama Chimene Chinakana Kuchoka

Panali kamtsikana kena kothamangathamanga. Kunyumba ankamutchula kuti Kamphepo. Pakudya, changu. Posamba, changu. Kamphepo sankadziwa kuyenda pang'onopang'ono.

Kamphepo ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kusokera Amayi ake chikwama.

Tsiku lina Amayi ankachokera kokagula zinthu. Ananyamula jumbo ya pulasitiki. Atafika pakhomo, jumbo ija inang'ambika. Matimati anagubuduka. Mazira anasweka, phwa!

"Mayo ine, mazira anga!" anadandaula Amayi.

Kamphepo anamva chisoni kwambiri.

Abambo ake a Kamphepo anali telala. Ankasokera m'chipinda chakutsogolo. Makina awo ankalira, tatatata! Pansi pa tebulo panali katoni. M'katonimo munali tinsalu totsala.

M'mawa mwake Amayi anapita kuntchito. Kamphepo anathamangira kwa Abambo.

"Ababa, ndikufuna kusokera Amayi chikwama," anatero. "Chikwama chosang'ambika!"

"Ndiye mawu amenewo," anayankha Abambo. "Sankha nsalu m'katonimu."

"Koma musawauze Amayi!"

"Ine? Ndili duu," anatero Abambo, atagwira pakamwa.

Kamphepo anasankha kansalu kofiira. Anasankha kansalu kachikasu. Anasankhanso kabuluu kamadontho. Abambo analumikiza tinsaluto pamakina, tatatata! Anasokererapo zogwirira ziwiri.

"M'mbalimu usoke wekha," anatero Abambo. "Nayi singano, nawu ulusi. Koma usokere patebulo, wamva? Osati pamiyendo."

"Ndamva, Ababa!"

Kumva kwake kuti? Kamphepo anali nkhutukumve. Tebulo linali lalitali. Mpando unali wolimba. Abambo atangotembenuka, iye anakakhala pansi kuseri kwa chitseko. Anayala nsalu pamiyendo pake.

Singano lowa, singano tuluka. Singano lowa, singano tuluka. Kamphepo anasoka mbali imodzi. Anasokanso mbali ina. Anasoka mwachangu, lilime lili panja.

Dzuwa litapendeka, chitseko chapanja chinalira.

"Ndabwera! Mwana wanga ali kuti?" anaitana Amayi.

Kamphepo anamanga mfundo. Analuma ulusi ndi mano. Anadzuka, nyamu!

Chikwama nacho chinadzuka.

Kamphepo anakoka chikwama. Diresi linatsatira. Anakoka diresi. Chikwama chinatsatira. Anadumpha. Chikwama chinadumphanso!

Kalanga ine! Kamphepo anali atasokerera chikwama pa diresi lake.

Anafuna kubisala, koma Amayi anali atalowa kale. Abambo anaimitsa makina.

Kamphepo anachita manyazi. Misozi inalengeza m'maso.

"Amayi, chinali chikwama chanu," anatero Kamphepo. "Ndimafuna ndikupatseni. Koma chikukana kuchoka."

Amayi anagwada pansi. Anagwira kansalu kofiira. Anagwira kansalu kachikasu. Anayendetsa chala pamsoko wokhotakhota.

"Wasoka ndiwe?" anafunsa Amayi.

"Eya, Amayi."

"Wasokera ine?"

"Eya, Amayi."

"Ndiye ndikulandira ndi manja awiri," anatero Amayi.

Anagwira chikwama ndi dzanja limodzi. Ananyamula Kamphepo ndi dzanja linalo. Anamukweza m'mwamba, chikwama chikulendewera.

"Taonani, bambo a mwana!" anatero Amayi. "Mphatso yanga yabwera ndi mwini wake yemwe!"

Abambo anaseka mpaka kugwira nthiti. Amayi anaseka. Kamphepo anapukuta misozi, naye anayamba kuseka.

"Mutsitseni telala wangayo," anatero Abambo. "Kuthamanga sikufika, Kamphepo. Tiye timasule."

Abambo anatenga sizasi yaing'ono. Anadula ulusi pang'onopang'ono. Diresi silinang'ambike. Chikwama sichinang'ambike. Koma mbali imodzi inamasuka yonse.

"Ndiyambirenso?" anafunsa Kamphepo.

"Yambiranso," anayankha Abambo. "Atelala tonse tinayambira pomwepo."

"Inunso, Ababa?"

"Ine ndinasokerera thumba pa bondo la thalauza langa!"

Kamphepo anaseka kwambiri. Anakwera pampando. Anayala chikwama patebulo. Amayi anamugwirira nsalu kuti isasunthe.

Singano lowa, singano tuluka. Ulendo uno anasoka modekha. Atamaliza, anasuzumira pansi pa tebulo. Diresi linali palokha. Chikwama chinali pachokha.

"Nachi chikwama chanu, Amayi!"

Amayi anachikoleka paphewa. Anayenda uku, anayenda uko, akunyada. Kenako anaima.

"N'chokongola zedi," anatero. "Koma chapepuka. Chikusowa mwini wake uja."

Anatsitsa chikwama paphewa. Anamupatsa Kamphepo chogwirira chimodzi. Iwo anagwira chinacho.

"Tiye tikagule zamadzulo," anatero Amayi.

Anatuluka pakhomo awiriwiri, chikwama chili pakati. Kamphepo anasangalala kwambiri. Sanachitaye chogwirira chake mpaka kusitolo.