Zolembedwa Kuseri kwa Tikiti

Lamlungu, 8 koloko m'mawa, mayi Kalicha anatsika minibasi pachipata cha paki ya Jel-Kaptal, maso ali gwaa. Amuna awo, a Toktosun, mphunzitsi wopuma ntchito wa zaka 64, anachoka kunyumba Loweruka m'mamawa kukakwera phiri, monga ankachitira mwezi ndi mwezi. Sanabwerere.

Mlonda wa pachipata, Jenish, anatuluka m'kanyumba kake akupukuta manja. Anali chimunthu chachitali, bambo wa ana atatu. A Toktosun ndiwo anamuphunzitsa kugwira pensulo ali wamng'ono.

"Eje, kwagwanji m'mawa uno?" anafunsa, kuwatchula mwaulemu ngati mlongo wake wamkulu.

"Aphunzitsi ako sanagone kunyumba. Dzulo anatsika nthawi yanji?"

"Aphunzitsi? Dzulo sanafike kuno."

"Usandiseke, Jenish. Ndinawaphikira ndekha mazira a panjira."

"Buku nali, eje. Onani nokha."

Lamulo la pakiyo aliyense ankalidziwa. Ukalipira ndalama zokwana masomu 200 olowera ndi 100 oimikira galimoto, mlonda ankang'amba tikiti n'kulemba dzina lako m'buku. Ikakwana 6 koloko madzulo galimoto ina ikadali pabwalo, mlonda ankaimbira foni opulumutsa anthu m'phiri. Anthu ankalipira mosang'ung'udza chifukwa cha foni imeneyi.

Mayi Kalicha anayendetsa chala m'bukumo kawiri. Dzina munalibe. Pabwalo panalibenso galimoto yoyera imene amuna awo anapita nayo.

Lolemba masana apolisi anaipeza galimotoyo pamlatho wa mtsinje, makilomita khumi ndi awiri kumunsi kwa paki, makiyi ali momwemo. Wofufuza, Kaputeni Osmonov, anapukusa mutu.

"Ayenera kuti anatsikira kumadzi kukasamba m'maso, n'kuterereka."

Mayi Kalicha anasuzumira m'galimoto. "Mpando uwu waukankhira kumbuyo ndani? Bambo a kunyumba ndi aafupi. Atakhala apa mapazi sangafike pamabuleki."

"Mayi, anthu ambiri aigwira galimotoyi," anatero Osmonov. Komabe analemba m'kabuku kake.

Masiku anayi mudzi wonse unali mumtsinje ndi mitengo italiitali, kufwanthula m'matanthwe. Phiri palibe analiyang'ana. Jenish naye ankabwera akaweruka, n'kulowa m'madzi ozizirawo mpaka m'chiuno. Mayi Kalicha ankamuthirira tiyi ndi dzanja lawo, n'kumunyemera buledi.

"Idya, mwanawe. Aphunzitsi ako ankati ana onse atawaiwala, iwe sungawaiwale."

Jenish ankangoyang'ana m'kapu.

Pa tsiku lachisanu ndi chinayi chisowereni a Toktosun, mbusa wina amene ankatsitsa nkhosa zake kuthawa chisanu anaona chipewa choyera chaubweya pansi pa njira ya okwera phiri. Kalanga ine! A Toktosun anali gone pansi pa thanthwe atamwalira kale, mkati mwenimweni mwa paki, mtunda wa maola awiri okha kuchokera pachipata. Mwendo unali wothyoka. Anali ataumanga okha ndi lamba ndi ndodo yawo. Makoko a mazira anawaunjika bwinobwino pamwala.

Dokotala sanabise. "Mwendo sukanawapha. Akhala moyo masiku atatu, mwina anayi. Chawamaliza ndi chisanu."

Mawu amenewa anawapyoza mayi Kalicha kuposa imfa yeniyeniyo. Masiku amene iwo ankatakasa madzi, munthu wawo anali moyo, akudikira.

Maliro atatha, Osmonov anabweretsa katundu m'kathumba: wotchi, magalasi, kapensulo ndi chipewa chija. Mayi Kalicha anachitembenuza chipewacho mosaganiza n'komwe. Zaka makumi atatu amuna awo ankasomeka tikiti ya paki mumpindiro wa chipewa, ndipo akafika pamwamba pa phiri ankalemba kuseri kwake zimene aona. M'nyumbamo munali chitini chodzaza ndi matikiti otere.

Tikiti inalimodi, yonyowa, yopindika. Kuseri kunali timalemba ting'onoting'ono, mizere inayi. Anaiwerenga ali chiimire. Kenako anakhala pansi.

"Kaputeni, tikiti iyi ndi ya pachipata," anatero. "Bukulo likuti sanalowe. Ndiye anaitola kumwamba?"

Osmonov anatenga nambala ya tikitiyo n'kupita kuofesi ya paki. Nkhani inatulukira msanga. Tikitiyo inagulitsidwa kale mu Julaye kwa munthu wina. Jenish ankalanda matikiti kwa alendo potuluka, n'kuwagulitsanso. Ndalama zinkalowa m'thumba mwake, ndipo wogula tikiti yotero sankalembedwa m'buku. Anthu ozolowera ngati a Toktosun sankayang'ana n'komwe ngati alembedwa. Ankangokoloweka makiyi a galimoto pamsomali m'kanyumba ka mlonda, kuopa kukawataya m'phiri, n'kumapita.

Kenako anapezeka woyendetsa lole ya mkaka. "Jenish wa pachipata? Inde, Lamlungu lija cha m'ma 6 m'mawa ndinamutenga pamlatho. Anati amafuna mwana wa ng'ombe wosochera."

Lachitatu, 10 koloko m'mawa, galimoto ya apolisi inaima pachipata cha paki. Mayi Kalicha anali momwemo, atavala zakuda. Osmonov anawaletsa kubwera, iwo anakana.

Jenish anali akulandira ndalama kwa alendo ena. Ataona unyolo, nkhope inagwa. Wapolisi wina anatuluka m'kanyumba kaja ndi mpukutu wa matikiti akale, womangidwa ndi labala.

"Loweruka lija, 6 koloko madzulo, pabwalo panatsala galimoto zingati?" anafunsa Osmonov.

"Imodzi."

"Ya yani?"

"Ya aphunzitsi."

"Foni inali yakufa?"

"Inali yabwino, bwana," anayankha Jenish. "Opulumutsa akabwera amayamba ndi buku. Akanaona kuti sindinawalembe. Ntchito ikanatha. Ndinati atsika okha, phirilo amalidziwa kuposa ine. Kutacha asanatsike, mantha anandigwira. Ndiye ndinachotsa galimoto."

Anatembenukira kwa mayi Kalicha n'kugwada pafumbi. "Eje, ndili ndi ana."

"Ana ako ndimawadziwa. Maina awo anasankha ndi aphunzitsi ako," anatero mayi Kalicha. Sanakuwe. Anatulutsa pepala limene anakoperapo mawu a kuseri kwa tikiti. "Dzuka umve. Analemba za iwe."

Mayi Kalicha anawerenga pang'onopang'ono.

"Loweruka. Ndathyoka mwendo ngati mwana wopusa. Usadandaule, nkhalamba yanga, Jenish aona galimoto 6 koloko.

"Lamlungu. Kukuzizira. Ayenera kuti akundifunafuna kunjira ya kum'mawa.

"Lolemba. Mazira atha. Unathira mchere wambiri, monga mwa masiku onse."

Apa anapukuta maso ndi nsonga ya mpango, n'kupumira m'mwamba. Mzere womaliza unalibe tsiku.

"Musamukalipire Jenish chifukwa chochedwa. Ndikumudziwa mwana uja. Akubwera."

Jenish anafuula ngati walasidwa. Apolisi awiri anachita kumunyamula kuti alowe m'galimoto.

Khoti linamulamula kukhala kundende zaka zisanu ndi ziwiri. Tikiti ija inakhala kukhoti ngati umboni mpaka mlandu utatha. Ataibweza, mayi Kalicha anatsegula chitini chija kuti aiike pamodzi ndi zinzake. Anaigwira nthawi yaitali, dzanja lili m'malere. Kenako anatseka chitinicho, n'kuisomeka tikitiyo mumpindiro wa chipewa choyera chija, n'kuchikoloweka pamsomali wa pakhomo pamene amuna awo ankachikoloweka akabwera kuphiri.