Chancy ndi Sikelo ya Fodya

Ku Lisasadzi kunali banja labwino la a Pius ndi mayi Esitere. A Pius anali mkulu wa mpingo komanso mlimi wa fodya wodziwika, munthu amene mabelo ake ankalowa ku okushoni popanda wowakayikira. Pakhomo pawo tsiku linkayamba ndi pemphero n'kutha ndi pemphero. Mwana anali mmodzi yekha, dzina lake Chancy.

Mwana wobadwa yekha amadya gawo la ana asanu. Chancy anakula cham'mbali kuposa cham'mwamba. Pofika zaka 23, akakwera ngolo ng'ombe zinkacheuka kumuyang'ana ngati zikufuna kukadandaula kwa abusa. Njinga yake inkaphwa matayala ikangomva mapazi ake. Ena amati ndimakokomeza, koma kafunseni benchi la akwaya.

Tsiku lina anagwa ali pakati poimba. Kuchipatala anati ndi shuga, ndipo thupi likapanda kutsika sadzafika patali. A Pius anagulitsa ng'ombe zonse kusiya ziwiri za ngolo, achibale nawo anathandiza, Chancy n'kukwera ndege wa ku India. Kumeneko madokotala anadula chifu chake, n'kumusiyira kachifu kofanana ndi nthochi imodzi.

Pomutulutsa, dokotala anamuuza kuti, “Mpeni wachita mbali yake, yatsala yako. Uzidya pang'ono, zotsekemera ayi, uziyenda tsiku lililonse. Thupi likabwerera, shuga abwerera, ndipo adzayambira kumapazi. Ungataye mwendo.”

Chaka choyamba zinthu zinayenda. Loweruka lililonse m'mawa a Pius ankapachika sikelo ya fodya pamtanda wa chigafa, Chancy n'kukhala m'chiguduli chokoleka kumbedza yake ngati belo. Muvi ukaima, a Pius ankalemba nambala pamzati ndi khala. Anayambira pa 170. Chaka chitatha analemba 95. Mayi Esitere analulutira mpaka nkhuku zinabalalika.

Koma kutchalitchi manong'onong'o anayamba.

“Kuonda kotere ndi India basi?”

“Inu, musatinamize. Matenda aja amayamba chonchi.”

“Mayo, mwana wa a Pius. Akafike Khrisimasi ameneyu?”

Chancy anamva zonse. Anafika kunyumba mutu utazungulira. “Amayi, nditanenepa ankandiseka. Ndaonda, akundilira maliro ndili moyo. Kodi akufuna ndikhale bwanji?”

“Anthu alibe pabwino, mwanawe,” anatero mayi Esitere. “Iwo sanagulitse ng'ombe. Iwe gwira mawu a dokotala.”

Mawa lake, pa ulendo wake woyenda pansi wa tsiku ndi tsiku, anadutsa pamsika. Pamenepo panali tiyirumu ya Cornelius, mnzake wa kusukulu, amene kale ankadalira Chancy ngati mmene mlimi amadalirira mvula.

“Bige! Bige wanga! Wandithawa?” anafuula Cornelius. “Taona khosi lako, langotsala ngati la nkhanga. Lowa, anthu asiye kukunena.”

“Anandiletsa kudya zambiri.”

“Ndani wanena za kudya? Tamvera, ine zimenezi ndimazidziwa. Adokotala anadula njira ya chakudya, ya zakumwa anaisiya. Chakumwa sichiima m'mimba, chimangodutsa ngati basi ya ekisipulesi pa Lisasadzi.”

Anamuikira kapu ya tiyi wa mkaka, shuga masipuni asanu, pambali sikono.

“Nanga sikonoyi?”

“Inyike. Sikono yonyika si chakudya, ndi chakumwa.”

Chancy anaganiza, n'kuona kuti mawuwo ali ndi mutu. Ananyika. Asanamalize kapu anatuluka thukuta, mtima ukugunda ngati chigayo, maso akuchita chidima.

“Ndikufa, Cornelius!”

“Sukufa ayi. Ndi thupi likukulandira. Ubwerenso mawa lizolowere.”

Linazoloweradi. Chodabwitsa n'chakuti kunyumba kachifu kankakhuta ndi dzira limodzi, koma kwa Cornelius makapu anayi ankalowa popanda phokoso. Chancy anasiya kuyenda. Ankatuluka ndi nsapato zake zoyendera, kukhala patiyirumu maola awiri, pobwerera n'kudziwaza madzi a pamjigo kumaso kuti azioneka wathukuta.

Loweruka lina muvi unaima pa 99. A Pius anagwira khala nthawi yaitali osalemba.

“Chancy, zinayi izi zachokera kuti?”

“Kapena ndi chiguduli chanyowa, ababa.”

“Mwananga, ngati pali chimene chikukuvuta, nena lero. Moto umazimitsidwa ukadali paudzu umodzi.”

“Palibe, ababa.”

Lachinayi masana, amayi ali ku Chigwirizano ndipo abambo ali kumunda, Chancy analowa m'chigafa n'kuiyang'anitsitsa sikelo ija. Pamwamba pake anapeza kachitsulo kozungulira. Atakapotoza, muvi unabwerera m'mbuyo, kupitirira ziro. Anapotoza mokwana makilo anayi. Ankadziwa kuti maso a bambo ake ndi ofooka, ndipo amangoyang'ana pamene muvi waima, osati pamene wayambira.

Loweruka a Pius analemba 95, n'kuyamika Mulungu.

Kuyambira pamenepo Lachinayi lililonse Chancy ankapotoza pang'ono. Anapotoza mpaka anaiwala kuti wapotoza kangati. Mzati unadzaza ndi 95, 95, 95, ndipo pakhomo panagwa chisokonezo chimene sindinachionepo.

Mabuluku a Chancy anayamba kufupika m'chiuno. Mayi Esitere anasintha sopo. Sizinathandize. Anapita kukakalipira telala kuti nsalu zake n'zachinyengo. Mpando wa pakhonde utathyoka, a Pius anathira mankhwala a chiswe nyumba yonse.

“Abambo, mwanayu sakunenepa?” anafunsa mayi Esitere.

“Inenso maso anga akutero. Koma sikelo ikuti 95.”

“Nanga masayawo?”

“Sikelo ilibe m'bale, mayi. Kapena ndi ife takalamba.”

Kutchalitchi amene ankamulira maliro aja tsopano ankati, “Eya, wachira! Taonani thanzi!” Chancy sanadziwenso womvera. Anthu akuti wachira, mawondo akuti akudwala, sikelo ikuti palibe chasintha. Masiku ena, atakhala m'chiguduli, ankaona 95 n'kusangalala ndi mtima wonse, ataiwala kuti wabodza ndi iye mwini.

Ludzu losatha, chizindikiro cha shuga, linabwerera. Kenako anaponda chisonga kumunda, chinamulasa pansi pa chala chaching'ono, koma sanamve kuwawa. Bala linakana kupola. Anakumbuka mawu a dokotala, mantha anamugwira, ndipo m'malo monena anavala jombo. Ankazivala m'mawa mpaka madzulo, dzuwa likuswa mtengo.

“Jombo m'chilimwe?” anafunsa amayi ake.

“Ndikuopa njoka.”

“M'nyumba?”

Nyengo yodinda mabelo inakwana. A Pius anaitana anthu aganyu, jeke yodindira mabelo inayamba kulira. Belo loyamba atalipachika pasikelo, a Pius anapukusa mutu.

“Fodya wa chaka chino ndi wopepuka. Onjezerani.”

Anaonjezera, n'kudinda. Anaonjezeranso, n'kudindanso, mpaka matabwa a jeke anayamba kung'aluka. Mabelo anatuluka olimba ngati mwala wa mphero. Belo limene amanyamula amuna awiri linkafuna asanu, wachisanu ndi chimodzi akupemphera. Chancy anaima potero akuona zonse. Pakamwa panayamba kutseguka, koma anaganiza za mzati wodzaza ndi 95, n'kutsekanso.

Patatha sabata, mabelo onse anabwerera. Ku okushoni anati apitirira muyezo kutalitali, ndipo ena anawang'amba pofuna kuona ngati mulibe miyala. Mbiri inafika kumudzi lole isanafike: mkulu wa mpingo wagwidwa ndi mabelo okayikitsa.

A Pius anakhala pansi m'chigafa, chipewa chili pabondo. “Zaka makumi atatu sindinaikepo ngakhale kamchenga m'belo. Ndinayeza ndekha, ndi manja anga. Kodi sikelo ya ku okushoni yapenga? Kapena fodya amanenepa m'njira?”

Mayi Esitere anayang'ana mabelo, anayang'ana mwana wawo, anayang'ananso mabelo. Kenako anauza aganyu awiri kuti akatenge thumba la feteleza losatsegula limene linatsala m'nyumba.

“Thumba ili ndi makilo 50, ngakhale mwana wa sitandade wani amadziwa. Lipachikeni.”

Muvi unaima pa 15.

A Pius anatsitsa thumba, anayandikira maso awo pafupi ndi galasi la sikelo, n'kuona kumene muvi wagona. Anapotoza kachitsulo kaja pang'onopang'ono mpaka muvi unafika pa ziro. Sanakweze mawu.

“Chancy, lowa m'chiguduli.”

“Ababa, lero si Loweruka.”

“Lowa.”

Analowa. Mtanda unalira. Muvi unathamanga kudutsa 95 osapereka moni, n'kukaima pa 130. Ali lende choncho, miyendo ili m'malere, jombo ya kumanzere inavuka n'kugwa pansi. Fungo linadzaza chigafa. Zala ziwiri zinali zitada bii, phazi litatupa mpaka m'kakolo.

Mayi Esitere anakuwa. Ngolo ya ng'ombe ziwiri zija inamutengera kumsewu, galimoto n'kumufikitsa kuchipatala.

Madokotala anadula zala ziwirizo tsiku lomwelo. Namwino wamkulu, mayi Maness, anauza a Pius kuti akanachedwa sabata imodzi, akanadula pabondo.

Chancy atatsitsimuka anafunsa, “Amayi anesi, ndiye kuti chifu chija chinameranso?”

“Si mchira wa buluzi. Chatanuka pang'ono, koma chikadali chaching'ono.”

“Nanga makilo onsewa analowera pati? Ine ndinkangomwa.”

“Unkamwa chiyani?”

Anafotokoza za basi ya ekisipulesi ndi sikono yonyika. Mayi Maness anagwira pakamwa.

“Anakuuza zoona theka. Zimadutsadi msanga, n'chifukwa chake sukhuta. Koma basi imeneyo siituluka m'thupi, imatsitsa katundu yense momwemo.”

“Sangandidulenso chifucho?”

“Adulenso chiyani? Chotsala ndi lilime. Tamvera, si iwe woyamba kubwerera m'mbuyo pambuyo pa opaleshoni imeneyi, ndipo njira yobwererera ilipo, koma ilibe chidule. Uyambirenso poyamba. Kambale kakang'ono. Uziyamba ndi ndiwo: dzira, nyemba, usipa, masamba. Tafuna mpaka utope. Madzi uzimwa pa nthawi yake, osati pamodzi ndi chakudya. Shuga wa m'kapu umuiwale. Bala likapola uyambe kuyenda, ndipo mwezi uliwonse ndikuone pano, wakwera kapena watsika.”

A Pius anali chikhalire pambali pa bedi. Chancy analephera kuwayang'ana.

“Ababa, ndinapotoza ndine. Ndakuchititsani manyazi ku okushoni ndi kumpingo.”

“Mabelo tidzamasula n'kudindanso. Dzina langa lidzayera. Koma zala zako sitingazidinde kachiwiri. Ukanandiuza pa 99 paja, tikanangolimbana ndi makilo anayi. Nanenso ndili ndi mlandu. Ndinkayang'ana muvi, osayang'ana mwana.”

Chancy analira ngati khanda. Lamulungu loyamba atatuluka m'chipatala, anaimirira ndi ndodo kutsogolo kwa mpingo n'kuulula zonse, kuti anthu aleke kunena bambo ake. Anthu aja a manong'onong'o anangoti ndwii kuyang'ana nsapato zawo.

Bala litapola anayamba kuyenda. Tsiku loyamba anafika pamjigo n'kubwerera. Mwezi wachiwiri anafika pamsika, ndipo mawu aja anamupeza.

“Bige! Ndinamva za ngozi, pepa. Lowa, kapu imodzi yokha, yopepesera. Ndithira masipuni atatu basi.”

Fungo la mkaka linamukoka mphuno. Miyendo inaima yokha. Kunena zoona, phazi limodzi linaloza kale kukhomo la tiyirumu. Koma linali phazi lija, ndipo Chancy analiyang'ana.

“Cornelius, tiyi wako wandidyera zala ziwiri. Zatsala zisanu ndi zitatu, ndipo zonsezo ndikuzifuna.”

Anapitirira akutsimphina.

Mpaka lero Loweruka m'mawa m'chigafa cha a Pius mumachitika mwambo. Choyamba amapachika thumba la feteleza, onse atatu n'kuona kuti muvi waima pa 50. Kenako amalowa Chancy. Mzati wakale anaupala, anayamba wina. Manambala ake si okongola ngati aja: 128, 125, 126, 122. Pamene pakwera, Chancy amanena yekha chimene anadya. Sabata yatha analemba 113. Kwatsala mtunda, ndipo nsapato ya kumanzere amaikamo thonje.

Inu ana a sukulu ndi a mpingo, imvani. Dyera ndi tchimo, koma limene linadula zala za Chancy ndi bodza limene anaphimbira dyeralo. Mukaterereka, nenani pamene makilo akadali anayi. Musamvere mnzanu amene amapindula ndi kugwa kwanu, ndipo musapotoze chimene chimakuuzani zoona, chifukwa mudzasokoneza makolo anu, kenako mudzasokonezeka nokha. Muvi mungaubweze m'mbuyo, koma thupi limasunga nambala yeniyeni, ndipo Mulungu sikelo yake ilibe kachitsulo kopotoza.